Mkulu wa pa West India Quay

Lachitatu usiku, tulo palibe. Mkulu uja sakuchoka m'mutu mwanga.

Tinapezana pabenchi pa West India Quay, doko lakale la ku Canary Wharf mumzinda wa London, pafupi ndi zimakina zakale zonyamulira katundu zimene anazisiya chiimire kuti zizikongoletsa malo. Ine ndimangofuna kupumitsa miyendo. Iwo ndi amene anayamba: "Mwana wanga, pomwe wakhalapa kale pankangonunkhira shuga." Bambo awo ankatsitsa katundu m'sitima padoko lomweli, lomwe linatsegulidwa mu 1802 n'kutsekedwa mu 1980, sitima za makontena zitayamba kuthera ku Tilbury, kumunsi kwa mtsinje wa Thames. Akuti m'mawa uliwonse azibambo ankaunjikana pageti, kapitawo n'kumaloza: iwe, iwe, iwe. Otsalawo kubwerera kunyumba chimanjamanja.

Ineyo, kunena zoona, ndimafuna akwiye. Ndinawalozera One Canada Square, chinyumba cha mamita 235 chomwe chinatha kumangidwa mu 1991, komanso anyamata a masuti amene ankathamanga ndi khofi m'manja. Ndinati, "Agogo, zimenezi sizikuwawani?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Zindiwawe chani? Bambo anga msana unathera pano. Madzi awa anali akuda bii, lero pakusambira mbalame." Kenako, ali m'kati mopinda nyuzipepala, anangoti ana awo onse anasamukira kutali chifukwa lendi ya kuno sangaikwanitse. Anazinena ngati akunena za nyengo. Sindinayankhe, nawonso sanadikire yankho.

Masiku ano mtima wanga ndi wapachala, ndikudziwa, ndipo mwina ndimangofuna munthu wodandaula naye. Komabe pali china chimene chikundinyansa ndi malo amenewa. Paliponse mbee, ngakhale kapepala kotayidwa osakaona, koma sindimadziwa ngati ndikuloledwa kukhala nthawi yaitali osagula kanthu. Kumbuyo kwa benchi lathu kuli nyumba ya njerwa yomwe ankasungiramo shuga wolimidwa ndi akapolo ku Caribbean. Pano ndi myuziyamu, ndipo pambali pake anthu amadya nkhomaliro akuseka. Ndinafika pakhomo, osalowa.

Pobwerera, kaya inali nthawi yanji, ndinakwera DLR, kasitima kopanda dalaivala komwe kanayamba kuyenda mu 1987. Ndinakhala kutsogolo kwenikweni, kamwana kena kali pambali panga kakunamizira kuyendetsa. Tikudutsa Poplar m'pamene ndinakumbukira kuti sindinawafunse mkulu uja ngati iwo akukhalabe komweko, kapena amangobwera kudzakhala pabenchipo.