Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Ntchito ya m'khitchini ya apongozi ku Bulacan

Gawo lapita ndinalekezera pamene ndinakhazikika kwa apongozi anga ku Bulacan, kumpoto kwa mzinda wa Manila m'dziko la Philippines. Lero ndifotokoze ntchito imene imadyetsa banja lonseli, yopanga sosi wa m'mabotolo ndi zokometsera ndiwo za m'timapaketi. Kukometsa sikuvuta kwenikweni. Chovuta n'chakuti katunduyo akhalebe wabwino atatha miyezi pa shelefu ya kagolosale kotentha, ndipo adani ake ndi awiri: kuchepa kwa asidi ndi chinyezi.

Chimene chimayenda malonda kwambiri ndi ketchup ya nthochi. Amene amadziwika kuti anaiyambitsa ndi Maria Orosa, katswiri wa zakudya amene anafa pa nkhondo ku Manila mu 1945, ndipo inafala m'zaka zimene tomato ankasowa. Timagwiritsa ntchito nthochi za saba, zazifupi zonenepa zija, zitapsa bwino. Zosapsa zimalimbitsa sosi mpaka kukana kutuluka m'botolo.

Pa kilogalamu imodzi ya nthochi zophika ndi kusenda timathira viniga mamililita 250, madzi ofanana nawo, shuga wabulauni magalamu 250, mchere magalamu 20, anyezi mmodzi ndi adyo. Zonse zimagayidwa mpaka kusalala, kenako pamoto wochepa kwa mphindi 30 mpaka 40, mthiko usaleke kuyenda. Ikangopserera pansi, fungo lake limalowa mphika wonse ndipo palibe chobwezera. Mphika ukhale wa stainless steel, chifukwa viniga amadya aluminiyamu. Kufiira kwake kumachokera ku njere za atsuete, mbewu yopatsa chakudya mtundu wofiirira, zimene timaziyamba tazitenthetsa m'mafuta.

Apa ndiye pofunika kutchera khutu. Nthochi ilibe asidi wokwanira payokha. Chakudya chotsekeredwa m'botolo chikakhala ndi pH (muyeso wa asidi, umene umakwera asidi akachepa) yopitirira 4.6, kachilombo koyambitsa botulism, matenda oopsa obwera ndi poizoni wa m'chakudya, kakhoza kuswana popanda fungo lililonse lochenjeza. Ife timayeza mphika uliwonse ndi kachipangizo koyezera pH, ndipo sitithira m'botolo isanatsike kufika pa 4.0. Lilime silingayeze zimenezi, chifukwa shuga amabisa kuwawasa. Sosi amalowa m'botolo akadali wotentha, madigiri 85 kapena kuposa, n'kutseka pomwepo ndi kuligadabuza kwa mphindi zochepa kuti chitsekero nacho chitenthedwe. Mukaona chitsekero chitatukuka kapena thovu m'kati, botololo n'lotaya.

Za m'timapaketi vuto lake ndi lina. Kare-kare ndi ndiwo ya mchira wa ng'ombe yotendera, ndipo Mmalawi aliyense akalawa amakumbukira nsinjiro. Ufa wake ndi magawo atatu a mtedza wokazinga, gawo limodzi la mpunga wokazinga mpaka kufiirira, ndi atsuete pang'ono. Mtedza mukaugaya wokha umatulutsa mafuta n'kusanduka chiponde, choncho timaugaya limodzi ndi mpunga, pang'onopang'ono, makina asatenthe. Koma kusankha mtedza ndiko kumadya nthawi yambiri, ndipo sindilola kuti wina afulumizitse. Njere yofwifwa, yoboola kapena yachuku imachotsedwa ndi manja, chifukwa poizoni wa chuku, aflatoxin, satha ndi kukazinga.

Ufa wa sinigang, msuzi wowawasa wa bwemba, umakoka chinyezi mofulumira kwambiri. Nyengo ya mvula, kuyambira cha mu June, ukangokhala poyera umachita mibulu. Timaulongedza m'mawa womwewo m'timapaketi ta foilo, osati tapulasitiki wamba, ndipo pakamwa pa paketi pakhale popanda ufa pomata, apo ayi pamatsala kampata kolowera mpweya.

Mapepala nawo ali ndi mzere wake. Dzina la bizinesi limalembetsedwa ku DTI, unduna woona za malonda, kenako chilolezo cha barangay, ofesi ya boma ya m'dera lanu, ndi cha meya, ndipo wopanga zakudya zolongedza amafunika License to Operate, chiphaso chogwirira ntchito chochokera ku FDA, bungwe la boma loona za zakudya ndi mankhwala. Botolo lililonse timalilemba tsiku ndi nambala ya mphika, kuti wogula akadandaula tidziwe mabotolo ena oti tikawachotse m'magolosale.