Zikomo nonse, madala ayambiranso kutsutsana nanu za mpira

Ndikulemba m'malo mwa mayi athu, achimwene anga ndi banja lonse, kuthokoza aliyense amene anatigwira mkono kuyambira pamene bambo athu anadwala sitiroko dzinja lapitali. Ambiri mwakhala mukuimba foni ndipo sitinathe kuyankha nonse, mutikhululukire. Madala ali kunyumba kuno ku Kasungu. Akuyenda ndi ndodo kuchoka pakhonde kukafika kumsewu, dzanja lamanja layamba kugwira kapu ngakhale batani la malaya likuwavutabe, ndipo pakamwa patseguka. Mayi akuti patseguka mopitirira muyezo.

Ndiyambe ndi amene anathamanga usiku woyamba uja. Mnyamata wa kabaza amene anakadzutsa aneba athu a galimoto, n'kukana ndalama titamupatsa, Mulungu akudalitse mwana wanga. Aneba athuwo anatinyamula osafunsa za mafuta. Anamwino ndi madokotala a kuno kwathu, komanso a ku Lilongwe kumene anatitumiza, anagwira ntchito yawo ndi mtima wonse, ndipo a mafizo anapirira ukali wa madala masiku amene ankakana kutambasula mwendo. Amayi a Chigwirizano ankasinthana kupititsa ufa, nkhuni ndi ndiwo kwa mayi kuchipatala. A banki mkhonde anawabwereka ndalama osaikapo chiwongoladzanja. Amalume ku Santhe anagulitsa mbuzi, alamu athu ku Joni anatumiza kangachepe mwezi ndi mwezi, ndipo achinyamata a kumpingo anatipalirira munda, kenako n'kudzatikumbira mtedza. A mfumu, zikomo potiyendera nokha osachita kutuma munthu.

Koma pali gulu lina limene ndikufuna ndikhalitsepo, chifukwa zimene linachita ife sitikanazigula ndi ndalama.

Bambo atatuluka m'chipatala, mawu anali atapita. Ankamva zonse, koma akati ayankhe lilime linkakana, ndiye ankapsa mtima n'kutembenukira kukhoma. Obwera kudzazonda ankanena pepani, kupemphera, n'kumapita, ndipo madala ankangoyang'ana kudenga. Lamulungu lina masana kunafika mkulu wina pa njinga yakapalasa kuchokera cha ku Lisasadzi, munthu amene ine sindinkamudziwa n'komwe. Anatsamiritsa njinga pamtengo wa mango, kupereka moni kwa mayi, n'kukhala pampando moyandikana ndi bambo. Pepani sananene. Anangoti, "Akulu, tatiuzani zoona lero. Tsiku lija munalowa pagolo ku Chamama, penate ija munaigwira, kapena inangomenya mtengo?" Tinaona bambo akutukula mutu. Milomo inanjenjemera, khosi linakungika, malovu n'kutsika pang'ono mbali imene inafooka ija. Mayi anafuna kuwapukuta, iwo n'kuwakankha dzanja. Kenako, mawu olemera koma omveka: "Ndi-na-gwi-ra." Mkulu uja anaseka mpaka kutsokomola, amvekere, "Bodza limenelo, ine ndinali nambala 2, ndinaona ndi maso angawa." Mayi analowa m'nyumba kukalira.

Sabata yotsatira anabwera ndi anzake. Kenako uthenga unafika ku Mtunthama, ku Chinkhoma, mpaka ku Nkhamenya, ndipo khonde lathu linasanduka bwalo la milandu ya mpira wa m'ma 1970 ndi m'ma 1980.

Ife ana tinakula tikudziwa bambo ngati munthu wa fodya, wodziwa kusankha tsamba ndi kudinda mabelo pa jeke. Zoti ankamenya mpira ankanena apo ndi apo, koma ndi bambo uti ku Malawi kuno amene sanena kuti pa unyamata wake anali katswiri? Chithunzi panalibe, chikho panalibe, ndiye tinkangovomera mwaulemu. Akuluakuluwa ndi amene atitsegula m'maso kuti pa timu ya pa esiteti imene ankagwirako ntchito, bambo athu anali munthu amene anthu ankayendera mtunda wapansi kukamuona, ndipo chimene ankatchuka nacho n'chakuti analibe malo amodzi. Masiku amenewo jezi zinali za nambala 1 mpaka 11, ndipo nambala ndiyo inkanena pamene munthu waima: 5 kumbuyo pakati, 7 ndi 11 m'mapiko, 9 kutsogolo. Timu inali ndi mpukutu umodzi wa jezi, wosungidwa m'katoni kunyumba kwa kapitawo. Akuti kapitawoyo ankayamba wagawira ena onse, jezi imene yatsala m'katonimo n'kuwaponyera bambo.

Ndinafunsa chifukwa chake, ndipo yankho lake linali la fodya. Fodya wa fuluu akalowa m'balani, moto suzima usana ndi usiku mpaka tsamba liume, ndipo munthu amene ali pa ntchito yosonkhezera motowo sangachoke ngakhale kubwere timu yochokera kumwamba. Ndiye Lamulungu lililonse pankasowa munthu: lero wotchinga kumbuyo ali ku balani, sabata yamawa womwetsa zigoli wapita ndi thirakitala kukatuta nkhuni. Kuwonjezera apo, malamulo a nthawi imeneyo ankalola kusintha osewera awiri okha, osati asanu ngati lero. Wina akavulala awiriwo atalowa kale, mumangosuntha amene ali m'bwalo momwemo. Timu yokhala ndi munthu wotha kubwerera kumbuyo, kukwera pakati, kapena kuvala jezi ya goloboyi inali ndi mwayi umene anzawo analibe.

Nkhani ya ku Chamama ija ndi imeneyo. Goloboyi anathyoka chala mpira uli mkati, osintha atatha, bambo n'kuvala jezi yake yothina. Onse akugwirizana kuti panali penate ndipo sinalowe. Pamene asiyana ndi pa mtengo wa bulugamu umene unali golo: ena akuti mpira unamenya mtengowo, ena akuti madala anauluka n'kuupherera. Azakhali ena amene nthawiyo anali mtsikana woimba nyimbo m'mbali mwa bwalo akuti iwo sanaone chilichonse chifukwa anatseka m'maso. Chimene onse akukumbukira bwino ndi mmene bambo anathera nthawi pambuyo pake. Lamulo loletsa goloboyi kugwira ndi manja mpira womubwezera mnzake ndi phazi linabwera mu 1992, ndiye kalelo ankangopatsirana ndi nambala 5 wawo, kubweza, kugwira, kugudubuza, kubwezanso, mpaka eni bwalo anayamba kutola miyala. Anabwerako usiku pa ngolo ya thirakitala, akuimba njira yonse.

Funso limene latha masabata pakhonde pathu ndi lakuti kodi malo awo enieni anali ati. Mkulu wa ku Lisasadzi akuti nambala 6, chifukwa ankalanda mpira osagwetsa munthu ndipo akauponya patali unkagwera paphazi. Wina, amene anali mphunzitsi wa pulayimale ndipo ankaimbira mpira, akuti nambala 5, poti mpira wachikopa uja ukanyowa unkalemera moti anyamata ambiri ankaubisira mutu, koma bambo ankaulumphira. A ku Mtunthama amawakumbukira ngati nambala 9 basi, chifukwa ndi kumene anawamwetsa zigoli. Mphunzitsi uja ananenanso mawu amene anandikhala mumtima. Akuti kutha paliponse n'kumene kunawatsekera njira: anthu osankha osewera akabwera ankafunsa kuti womwetsa zigoli wanu ndani, wotchinga wanu ndani, ndipo dzina la bambo silinkatuluka pa funso lililonse mwa awiriwa. Ine ndikuona kuti akunena zoona, ndipo zimenezi zikuchitikabe m'matimu a m'maboma. Bambo akukana. Akuti ku Blantyre sakanapita ngakhale akanawaitana, chifukwa anali atayamba kale kufunsira mayi.

Akatopa ndi za pa esiteti amalowa za Flames, ndipo apa m'pamene ndinazindikira kuti anthu awa akatswiri a dziko lino ankawadziwa ndi khutu. Kanema wa dziko lino anayamba mu 1999. M'mbuyo monsemo kunali wailesi ya MBC, anthu atazungulira kawailesi ka Nzeru, mabatire atawayanika padzuwa kuyambira m'mawa kuti afike nawo kumapeto. Umo ndi mmene anamvera Malawi ikugonjetsa Zambia 3-2 mu 1978 n'kutenga chikho cha East and Central Africa, n'kukachitetezanso ku Kenya mu 1979 pogonjetsa eni akewo 3-2. Umo ndi mmene anamvera za ku Ivory Coast mu 1984, ulendo woyamba wa Malawi ku Africa Cup of Nations, kumene tinalepherana ndi Nigeria 2-2 koma n'kugonja kwa Algeria ndi Ghana. Chigoli cha Clifton Msiya pa masewero a Nigeria aja aliyense wa iwo amachifotokoza ndi manja ndi miyendo, chonsecho panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali ku Bouaké. Amakumbukira mendulo ya ku Nairobi mu 1987, pamene tinamaliza pa nambala 3 titathira Cameroon 3-1, ndi chikho chachitatu cha mu 1988, Zambia yomweyo itagonja 3-1.

Akafuna kuwakometsa bambo amawayerekeza ndi Young Chimodzi wa Silver Strikers, amene anasewerera Flames masewero 159 ndipo ankatha pakati ndi kumbuyo komwe. Madala amapukusa mutu. Iwo ndi a Noma kuyambira kale, ndipo kwa iwo munthu ndi Jack "Africa" Chamangwana, amene anatsogolera Flames, kupita ku Kaizer Chiefs mu 1986, n'kudzakhalanso mphunzitsi wa timu yomweyo. Ndikukumbuka kuti Jack atamwalira mu May 2018 bambo sanadye nsima yamadzulo, ife n'kumadabwa kuti maliro a munthu amene sanakumanepo naye awakhudza bwanji chotere. Pano ndamvetsa. A Maule pagululi salola kuti nkhani ithe osatchula Kinnah Phiri ndi zigoli zake 71 za Flames, ndipo amakumbutsa kuti ndi yemweyo anali mphunzitsi pamene tinabwezera Algeria 3-0 ku Angola mu 2010. Wina amaponyapo Ernest Mtawali, amene mpira unamufikitsa ku Argentina ndi ku Toulouse ku France. Adzukulu nawo amabwera ndi foni kuonetsa agogo awo chigoli cha Gabadinho Mhango chomwetsa Morocco mu January 2022. Madala anachionera kangapo, n'kunena pang'onopang'ono kuti n'chabwino, koma mnyamatayo angathe kuima nambala 5?

A mafizo anatiuza kuti munthu wodwala sitiroko amafunika kumulankhulitsa tsiku ndi tsiku, ndipo ife tinkayesa: nenani kapu, nenani madzi. Bambo ankaona ngati tikuwayesa mwana. Akuluakulu inu simunabwere kudzawaphunzitsa kulankhula, munabwera kudzawatsutsa, ndipo munthu uyu kutsutsidwa pa za mpira sangakupirire ngakhale lilime litalemera bwanji. Mankhwala ndi mafizo zinagwira ntchito yake, sindikuchepetsa. Koma chimene chinkawadzutsa Lamulungu m'mawa kuti awasambitse msanga, awaveke malaya oyera, awakhazike pakhonde nthawi isanakwane, ndinu. Ena mwa inu mumachoka kutali, miyendo yanunso ili ndi nyamakazi, ndipo ndalama ya minibasi simuitola pansi. Zikomo kwambiri, makolo athu. Zikomonso kwa akazi anu amene amakulolani kusowa pakhomo tsiku lonse.

Pali zingapo zoti ndipemphe. Ngati alipo amene anasunga chithunzi cha timu ya pa esiteti iliyonse ya kuno ku Kasungu cha zaka zimenezo, ngakhale chofufutika, tibwerekeni tikachijambulitse, tidzabweza. Mwina bambo alimo, ndipo tingaone jezi imene anavala tsikulo. Chachiwiri, obwera kudzacheza musawabweretsere zakumwa zotsekemera, tchipisi kapena kanyenya wothira mchere wambiri, ngakhale akupempheni mokunong'onezani mayi atalowa m'khitchini. Nthochi, mapapaya ndi mtedza wosathira mchere n'zololedwa. Ndipo inu a msinkhu wawo, kayezetseni BP. Bambo ankati munthu amene anathamanga m'bwalo zaka zonse zija sangadwale kuthamanga kwa magazi, ndipo mapiritsi ankamwa akakumbukira. Kuyezetsa kuchipatala cha boma n'kwaulere.

Kope limene tinkalembamo thandizo lonse lili ndi achimwene aakulu, aliyense wofuna kuona mmene ndalama zinayendera ali ndi ufulu. Njinga ya olumala imene mpingo unatibwereka taibweza kuti ithandize ena. Lamulungu likubwerali tikapereka chopereka chathokozo kutchalitchi m'mawa, ndipo masana pakhala thobwa ndi nsima kunyumba. Mipando ndi yochepa, amene muli pafupi nyamulani wanu. Bambo andituma kuti ndiuze mkulu wa ku Lisasadzi kuti asalephere, chifukwa apeza mboni ina ya ku Chamama komweko imene inaima kuseri kwa golo.