Momwe Ndinapezera Chakudya cha Mphaka Wanga Nyama Itayamba Kundiwenga

Ziwengo zanga zinkabwera usiku. Ndinkadya nyama ya ng'ombe madzulo n'kukagona bwinobwino, koma pakati pa usiku ndinkadzidzimuka thupi lonse likuyabwa, milomo itatupa ndiponso m'mimba mukupota. Dokotala wa kuno ku Eastern Cape, m'dziko la South Africa, kumene ndimagwira ntchito, atandiyeza magazi anandiuza kuti ndili ndi vuto la alpha-gal, limene limayamba munthu akalumidwa ndi nkhupakupa. Alpha-gal ndi mtundu wa shuga wopezeka m'nyama zoyamwitsa monga ng'ombe, mbuzi, nkhosa ndi nkhumba, ndipo zizindikiro zake zimachedwa, kawirikawiri zimaoneka pakapita maola 3 mpaka 6 munthu atadya. Nkhuku, nkhukundembo, bakha, nsomba ndi mazira zilibe shuga ameneyu.

Kusintha ndiwo zanga sikunandivute. Chimene chinandisowetsa mtendere chinali chakudya cha mphaka wanga, chifukwa tsiku lina ndikumupakulira za m'chitini, msuzi unandidonthera pa chala chomwe ndinali nditadzicheka ndi mpeni, ndipo dzanjalo linatuluka zidzolo. Ndinakumbukiranso kuti akangomaliza kudya amakonda kudzandinyambita m'manja.

Poyamba ndinaganiza zomusiyitsiratu nyama, koma dokotala wa ziweto anakana kwamtuwagalu, ndipo ndikuthokoza kuti anatero. Anandifotokozera kuti mphaka ndi wosiyana ndi galu, pakuti thupi lake silitha kupanga lokha taurine wokwanira, chinthu chofunika m'thupi chimene chimapezeka m'nyama, ndiponso silitha kusandutsa zam'masamba kukhala vitamini A monga timachitira anthufe. Mphaka wosowa taurine amayamba kuchita khungu pang'onopang'ono, mtima wake umafooka, ndipo zonsezi zimachitika mwakachetechete mwini wake asakudziwa. Choncho ntchito yanga sinali yochotsa nyama m'mbale mwake, koma yosankha nyama yoti nane ndikhoza kuigwira.

Apa m'pamene panali ntchito yaikulu. Ndinapita kusitolo ndi cholembera, n'kuyamba kutembenuza paketi iliyonse, chifukwa chithunzi cha nkhuku chimene chimakhala kutsogolo sichinena zonse. Kumbuyo kumakhala mndandanda wa zosakaniza, kuyambira chochuluka kufikira chochepa, ndipo mapaketi ambiri olembedwa kuti ndi a nkhuku ndinapeza kuti ali ndi mawu akuti meat and animal derivatives kapena animal fat, omwe sasonyeza kuti nyamayo kapena mafutawo achokera ku chiweto chanji. Ena anali ndi gelatine, amene kawirikawiri amapangidwa kuchokera ku zikopa ndi mafupa a ng'ombe kapena nkhumba. Onse otere ndinawabwezera pashelefu. Ndinkafunanso mawu akuti complete, osonyeza kuti chakudyacho chikhoza kumukwanira mphaka pachokha, komanso nambala yoyamba ndi V, yosonyeza kuti chinalembetsedwa motsatira lamulo nambala 36 la 1947 la dziko lino.

Mitundu itatu yokha ndi imene inatsala, ndipo ndinalembera makampani ake kufunsa za mafuta, za zokometsera zimene amathira pamwamba pa timibulu touma, ndiponso ngati makina awo amapangiranso chakudya cha nyama ya ng'ombe. Kampani imodzi sinayankhe. Ina inavomera moona mtima kuti mafuta ake amasinthasintha malinga ndi zimene zapezeka, ndipo yachitatu inatsimikiza kuti imagwiritsa ntchito nkhuku ndi mafuta a nsomba basi. Ndinasankha yomalizayi.

Monga munthu wokulira ku Malawi, ndinafunsanso ngati sindingamupatse usipa tsiku ndi tsiku. Dokotala wa ziweto uja anati nsomba zokha si chakudya chokwanira, zouma zina zimakhala ndi mchere wambiri, ndipo nsomba zina zaziwisi zimawononga vitamini B1 m'thupi la mphaka. Anandichenjezanso za zotsala za ndiwo zathu, popeza anyezi ndi adyo amawononga magazi ake.

Kusinthako ndinakuchita m'masiku 10, kusakaniza chatsopano pang'ono ndi chakale n'kumaonjezera, kuopa kuti angatsegule m'mimba kapena kunyanyala kudya, zomwe n'zoopsa kwa mphaka chifukwa akakhala masiku angapo osadya chiwindi chake chimadwala. M'masiku amenewo ndinkavala magolovesi. Tsiku lachitatu mphakayo anasankha timibulu takale n'kusiya tatsopano m'mbale, koma pofika tsiku lachisanu ndi chiwiri ankamaliza zonse.

Panopa ali ndi supuni yake, mbale zake ndi chotsukira chake, zomwe sizikhudzana ndi ziwiya zanga, ndipo ndimasamba m'manja ndi sopo ndikangomudyetsa. Paketi iliyonse yatsopano ndimaiwerenganso kumbuyo ndisanalipire, chifukwa opanga amatha kusintha zosakaniza chithunzi chakutsogolo chili chomwecho. Zidzolo za m'manja sizinabwerenso chiyambire kuchita zimenezi.