Mausiku 7 pakati pa agalu olota

Sabata ino ndinali pa shifiti ya usiku ku chipatala cha ziweto kumene ndimathandizira adokotala. Ntchito ya usiku ndi kuyang'ana madiripi, kupereka mankhwala pa nthawi yake, ndi kulemba pa khadi kutentha kwa thupi ndi kapumidwe ka galu aliyense. Zikatha zimenezo umangokhala pampando n'kumaonerera agalu akugona. Ndipotu kugona amakudziwa. Galu wamkulu amagona maola 12 mpaka 14 pa tsiku, kamwana kamafika 18 kapena 20.

Lolemba ndinapeza m'khola lakumapeto muli galu amene anamuchita opaleshoni masana, ana ake 6 atakanika kutuluka okha. Anandipatsanso mtsikana wophunzira ntchito kuti tizichezera limodzi. Cha m'ma 1 koloko anabwera akuthamanga.

"Achemwali, bwerani msanga, tiana tija tikuphupha!"

Ndinatipeza tili mulu umodzi pamimba pa make, timiyendo tikugwedezeka, timilomo tikuyamwa mphepo. Ndinamuuza kuti ine ndimachita mantha tiana totere tikangoti zii. Kagalu kamabadwa maso ndi makutu zili zotseka, maso amadzatseguka pakatha masiku 10 mpaka 14, ndipo tulo take tambiri masiku amenewo n'togwedezeka chonchi. Mark Blumberg wa ku yunivesite ya Iowa, amene wafufuza zimenezi pa ana a makoswe, amati kugwedezekako kumaphunzitsa ubongo kuti mwendo uli pati ndipo ukasuntha umamveka bwanji. Mtsikanayo anaganiza kaye, kenako anandifunsa kuti kanthu koti sikanaonepo kalikonse kangalote chiyani. Ndinati ngati kakulota, ndiye fungo la make ndi bele, poti dziko lake lonse ndi lomwelo.

Lachiwiri kunalibe nkhani, kupatula mphaka amene anazula diripi kawiri.

Lachitatu pakati pa usiku foni inalira. Anali mayi wina, mawu akunjenjemera. Galu wawo wa zaka 11 akupalasa miyendo ali m'tulo, akuuwa chapansipansi, maso akuyendayenda m'kati mwa zikope.

"Mayi, musamugwire. Imani chapatali, mumutchule dzina."

Ndinamva akuitana, kenako phokoso la mchira ukumenya pansi. Anaseka mwamanyazi n'kupepesa kuti andivutitsa. Ndinati sanalakwe, foni yotere ndimailandira ndi manja awiri. Ndinawafunsa ngati wadzikodzera, ngati pali thovu kukamwa, ngati akuwazindikira. Zonse zinali bwino. Anali kulota basi.

Zoti musamugwirezo sindinazitole m'buku. Ndili ndi chipsera pachala chachikulu chimene anandisiyira galu wofatsa kwambiri, chaka changa choyamba pantchito. Ankalira m'tulo, ine chifundo chandigwira, n'kumusisita pamutu. Anadzuka ndi mano. Atazindikira kuti ndine, anayamba kundinyambita, koma magazi anali atatuluka kale.

Lachinayi kunali bata, choncho ndinakhala pansi ndi mtsikana uja kumufotokozera zimene adokotala anandifotokozera inenso kale. Tulo timene maso amayendayenda, timene amatitcha REM, anatitulukira mwa anthu Eugene Aserinsky ndi Nathaniel Kleitman ku Chicago mu 1953. Nthawi imeneyo ubongo umakhala wotanganidwa ngati uli maso, koma kachigawo kena kam'munsi mwa ubongo, kotchedwa pons, kamamanga minofu kuti thupi lisatsatire malotowo. Michel Jouvet wa ku Lyon, ku France, m'zaka za m'ma 1960, anawononga kachigawo kameneko mwa amphaka, ndipo amphakawo ankadzuka ali m'tulo n'kumanyang'ama, kumambwandira zinthu zoti palibe. Ndiye kugwedezeka kumene timaona ndi tizidutswa chabe todutsa pamene chingwecho chakhwepa. N'chifukwa chake zimaoneka kwambiri mwa tiana ndi nkhalamba: kwa tiana chingwe sichinakhwime, kwa nkhalamba chatha mphamvu.

Mtsikanayo anafunsa ngati tikudziwadi kuti agalu amalota za masana. Ndinamuuza za Kenway Louie ndi Matthew Wilson a ku yunivesite ya MIT ku America, amene mu 2001 anajambula zochitika mu ubongo wa makoswe akuthamanga m'kanjira kofuna chakudya, n'kupeza kuti makoswewo akagona, ubongo ukubwereza ndondomeko yomweyo. Ngati khoswe amatero, galu angalephere bwanji?

Lachisanu ndiye tsiku limene silikundichoka m'mutu. Bambo wina anabwera madzulo ndi galu wa zaka 2, akuti kwa miyezi ingapo wakhala akulota maloto oipa, ndipo ankafuna mankhwala omugonetsa bwino. Mwamwayi anali atajambula pa foni. Nditangoona vidiyoyo, m'mimba munandizizira. Miyendo inali itauma gwa, khosi litapindikira kumbuyo, nsagwada zikutafuna, mkodzo uli pansi. Mwana wawo ankamveka akuitana dzina mobwerezabwereza, galu osamva. Atatsitsimuka ankayenda akugunda mipando ngati sakudziwa nyumba yake. Amenewo si maloto, ndi khunyu, ndipo imakonda kugwira galu akupuma kapena ali m'tulo, n'chifukwa chake eni ake ambiri amasokonezeka.

Adokotala anati galuyo agone kuchipatala kuno. Cha m'ma 3 koloko m'bandakucha inamugwiranso. Ndinachotsa mbale m'khola, ndinachepetsa magetsi, ndinauza mtsikana uja kuti asayerekeze kulowetsa dzanja m'kamwa, ine maso pa wotchi. Ikapyola mphindi 5 osaleka, kapena ikabwera motsatizana galu asanatsitsimuke, moyo umakhala pachiswe. Inatha pa mphindi 2. Ndinaimbira adokotala, anabwera, ndipo kutacha anamuyambitsa mankhwala a tsiku ndi tsiku. Bambo aja anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Ndiye miyezi yonseyi ine ndimangomuseka." Ndinasowa chowayankha. Ndinangowauza kuti vidiyo yawo ndi imene yatithandiza.

Loweruka ndinagona masana onse ngati wakufa.

Lamulungu, usiku womaliza, mtsikana uja anabwera ndi kope. Anali atamva kuti Stanley Coren wa ku yunivesite ya British Columbia amati galu amayamba kulota pakatha mphindi pafupifupi 20 atagona, ndiponso kuti agalu aang'ono amalota pafupipafupi maloto aafupi pamene akuluakulu amalota mwa apo ndi apo koma motalika. Ankafuna kudzionera yekha. Anasankha chigalu chakuda chimene chinathyoka mwendo wakutsogolo chitagundidwa ndi galimoto. Chikakhala maso, mwendo wa bandejiwo sichiuponda n'komwe, chimaunyamula m'mwamba ngati si wake.

Tinadikira. Kupuma kunayamba kusinthasintha, zikope zinayamba kugwedera, mphuno ikununkhiza. Kenako miyendo inayamba kuthamanga, yonse inayi, wa bandeji womwe. Mtsikanayo anandiyang'ana, akufuna kudzuka.

"Khala pansi," ndinamunong'oneza. "Musiye afike kumene akupita."

Chitakhazikika ndinawerenga kapumidwe, ndinapeza 22 pa mphindi, n'kulemba pa khadi.