Mzukwa wa zipi kumsana

Dzulo ndinalowa mu vidiyo sho ina kwathu ku Ndirande, ya mabenchi a matabwa ija, kukaonera filimu ya mizukwa yotchipa yomasuliridwa m'Chichewa. Abale inu, mzukwa wake munthu wongopakidwa ufa kumaso, zipi ikuonekera kumsana, magazi ngati tomato sosi wa pachiwaya cha chipisi! Koma ine zoterezi ndimazikonda kuposa za Hollywood zonyezimira zija, zimandikumbutsa Who Killed Captain Alex ya ku Uganda ya 2010, zipolopolo za pakompyuta zokhazokha. Womasulira ndiye anatipha ndi phwete, mzukwa ukutuluka m'manda iye akuti ukukafuna ndiwo kwa aneba. Umati umugwire mtsikana wina m'filimumo basi magetsi kuthima, tonse kukuwa kuti atibwezere ndalama, mwini wake kuli zii.