Mizere iwiri imene yandimasulira za pikiapu yosinthasintha magiya pa chitunda

Mtima wanga wakhala pansi sabata ino. Nkhani ya mapikiapu a otomatiki amene amangosinthasintha magiya okha akafika pa chitunda, kulowa 6, kubwerera 5, kulowanso 6, yakhala ikundizunguza mutu chiyambire temu yatha, ndipo tsopano ndaigwira. Ndikulembera inu anzanga amene tikuphunzira limodzi umakaniko, choncho za ma solenoid (mavalavu a magetsi osinthira magiya), ma planetary gear ndi mmene torque converter imagwirira ntchito sindibwerezanso, zili kale m'makope mwanu.

Chimene chanditsegula maso ndi chakuti kompyuta ya giyabokosi siyendera mzere umodzi posintha giya. Pa magiya awiri alionse oyandikana pali mizere iwiri. Tengani pepala mujambule girafu, m'munsimu mulembe liwiro la galimoto, m'mbalimu mulembe kuchuluka kwa moto umene dalaivala waponda. Mzere woyamba ndi wokwerera, kuchoka pa 5 kupita pa 6. Mzere wachiwiri ndi wotsikira, kuchoka pa 6 kubwerera pa 5, ndipo uwu umakhala chakumanzere, pa liwiro lotsikirapo. Mpata wa pakati pa mizereyi anausiya dala opanga galimoto, kuti phazi likagwedezeka pang'ono giya isasinthe. Galimoto ikamayenda, pa girafupo imakhala kadontho kamodzi kamene kakuyendayenda. Kadonthoka kakakhala mkati mwa mpata, giyabokosi imakhala chete. Kakadumpha mzere, giya yasintha.

Tsopano ikani galimotoyo pa chitunda chachitali koma chosatsetsereka kwambiri, monga zija za pa M1 mukachoka pa Ntcheu kukwera cha ku Lizulu mpaka Dedza, kumbuyo itasenza matumba a feteleza. Ili mu 6. Mphamvu yofika ku matayala ikuchepa pang'ono poyerekeza ndi imene chitunda chikufuna, ndiye liwiro likutsika mwakachetechete. Dalaivala akumva zimenezo, akuwonjezera moto. Kadontho kaja kakusunthira kumanzere chifukwa liwiro latsika, kakukweranso m'mwamba chifukwa phazi lapita pansi, mpaka kadumpha mzere wotsikira. Giya 5 yalowa. Mu 5 mphamvu ikuposa imene chitunda chikufuna, galimoto yayamba kuthamanga, dalaivala wafewetsa phazi. Kadontho kabwerera kumanja ndi kumunsi, kadumpha mzere wokwerera, 6 yalowanso. Koma chitunda ndi chomwe chija, katundu ndi yemwe uja, ndiye zonse ziyambiranso.

Ndiye kuti chitundacho chikufuna mphamvu imene ili pakati pa magiya awiri. Mu 6 ikuperewera, mu 5 ikusefukira. Zili ngati usiku wa mu Epulo umene ukafunda bulangete ukutuluka thukuta, ukalichotsa ukuzizidwa, ndiye umangofunda ndi kufundula mpaka kucha. Giyabokosi yotereyi nthawi zambiri sikuti ikudwala. Ikumvera bwinobwino mizere imene inapatsidwa. Ochita masewerawa ndi atatu, msewu, phazi ndi kompyuta, ndipo mukayatsa cruise control ndiye kuti mwangochotsa phazi la munthu n'kuikapo phazi lina louma mtima kwambiri, lofuna liwiro lomwelo zivute zitani. N'chifukwa chakenso pa chitunda cholusa ngati cha Thabwa, pochokera ku Chikwawa kukwera ku Blantyre, simumva kawirikawiri kusinthasinthaku. Kumeneko phazi limakhala pansi nthawi yonse, kadontho sikayandikira n'komwe mzere wokwerera, galimoto imangogwira giya yotsika n'kumalira nayo mpaka pamwamba. Vutoli limakonda zitunda zonyengerera.

Nditamvetsa zimenezi, manambala amene ndinkangowaloweza anayamba kuyankhula. Tengani Toyota Hilux ya injini ya 2.8, zija zimapangidwa ku Prospecton ku Durban ndipo zadzaza m'misewu yathu muno. Giyabokosi yake ya otomatiki ndi ya Aisin ya magiya 6, ndipo awiri omalizawo onse ndi overdrive, kutanthauza kuti injini imazungulira kosakwana kamodzi pamene shafti yotuluka m'giyabokosi yazungulira kamodzi: giya 5 ndi 0.687, giya 6 ndi 0.580. Mukagawa mupeza kuti kulowa 6 kumagwetsa ma rev (kuzungulira kwa injini pa mphindi) pafupifupi 16 peresenti. Injini imene imazungulira pa 1,900 mu 5 imagwera cha pa 1,600 mu 6, pa liwiro lomwelo. Ndipo 1,600 ndi pomwe injini imeneyi, ya 1GD-FTV, imayambira kupereka torque (mphamvu yozunguzira) yake yonse, 450 Nm pa zoyambirira zija, 500 Nm pa zimene zinatuluka kuyambira 2020. Mwaona pamene pali msampha? Liwiro likangotsika pang'ono mu 6, injini yagwera kunsi kwa malo ake amphamvu, turbo sinadzaze mpweya wokwanira, ndipo phazi silingachitire mwina koma kupita pansi.

Onjezanipo matayala. Eni mapikiapu ambiri amakonda kuchotsa 265/65R17 n'kuika 285/70R17 kuti galimoto ioneke yamphongo komanso isagunde pansi m'misewu yafumbi. Ndawerengera ndekha: loyambalo ndi mamilimita pafupifupi 776 kutalika, lachiwirilo 831, kusiyana kwa 7 peresenti. Pa liwiro lenileni lomwe lija, 1,600 yathu ija yasanduka cha pa 1,500, ndipo mphamvu yokankhira pa msewu yatsikanso ndi mlingo womwewo, osawerengera kulemera kwa tayalalo. Kompyuta sinauzidwe kanthu, ikuyendera mizere ya matayala akale. Galimoto imene inkakwera chitunda china mu 6 osadandaula imayamba kusakasaka giya pamalo pomwepo, mwini wake n'kubwera ku galaja kudzanena kuti giyabokosi yatha.

Ford Ranger ya magiya 10 ili ndi nkhani yakeyake. Giyabokosi ya 10R80 anaikonza mothandizana a Ford ndi a General Motors, inayambira mu F-150 ya 2017 ku America, kenako mu 2019 inalowa mu Ranger zopangidwa ku Silverton ku Pretoria, pamodzi ndi injini ya 2.0 ya ma turbo awiri. Iyi ili ndi ma overdrive atatu, 0.854, 0.689 ndi 0.636. Kuchoka pa 9 kupita pa 10 ma rev amangotsika pafupifupi 8 peresenti, ndiye n'kosavuta kupeza giya yogwirizana ndi chitunda, ndipo kusinthako sikumveka kwambiri m'thupi. Koma magiya 10 ndiye kuti mizere yachuluka pa girafu ija, malo odumphapo achulukanso. Dalaivala wozolowera magiya 6 akayang'ana nambala pa dashibodi ikuvinavina amada nkhawa, pamene mbali ina ndi mmene anaipangira.

Za mafuta ndi pamene eni galimoto amatchera khutu, makamaka nthawi zimene dizilo amachita kumugonera pa mzere. Opanga galimoto amakokera mzere wokwerera kumanzere, kuti giya yapamwamba izilowa msanga, chifukwa injini yozungulira pang'onopang'ono koma yolemedwa bwino imamwa mochepa pa ntchito yomweyo. Pa msewu wa see ndi galimoto yopanda katundu zimenezi zimagwira. Koma ikayamba kusinthasintha, phindulo limatayikira m'njira ziwiri. Pa magiyabokosi ambiri lock-up, kilatchi ya mu torque converter imene imamangiriza injini ndi giyabokosi kuti pasakhale kuterereka, imamasuka kapena kuterereka pang'ono nthawi yosintha giya, ndipo kutererekako ndi dizilo amene wasanduka kutentha mu ATF (mafuta a giyabokosi ya otomatiki) m'malo mozunguza matayala. Kwinako ndi phazi lija, lomwe likungoponda ndi kufewetsa, kuthamangitsa galimoto yolemera kenako n'kuisiya itaye liwiro limene yangolipeza. Ndipo pamwamba pa zonsezi pali mphepo. Kuchoka pa 80 kufika pa 100 km/h, kukankha kwa mphepo kumakwera ndi 56 peresenti, pamene mphamvu yofunika kuigonjetsa imatsala pang'ono kuwirikiza kawiri. Pikiapu yokhala ndi kanope, zitsulo zapadenga ndi katundu womangirira pamwamba ndiye imalimbana ndi mphepo koposa. Nthawi zina kungotsitsa liwiro pang'ono kumachotsa kadontho kaja pa malire.

Njira imene yandifikitsa apa ndi kasikana (scanner yowerenga kompyuta ya galimoto) kotchipa ka ELM327 kolumikiza ku foni, ndi pepala la girafu. Ndinena mosabisa, kwa ine palibe chida china m'galaja choposa ziwirizi, ndipo ndikadakhala ndi ulamuliro wophunzira aliyense akadayamba nazo asanagwire sipanala. Umalowetsa kasikanako pansi pa chiwongolero, umakhala mpando wa pasinjala foni ili pa bondo, n'kumasunga zinthu zitatu zokha: ma rev, liwiro ndi moto umene wapondedwa. Ukagawa ma rev ndi liwiro umadziwa giya imene ili mkati ngakhale dashibodi isakuuze. Nambala imeneyo ikakhazikika ndiye kuti lock-up yagwira, ikamayandama ndiye kuti converter ikuterereka. Madzulo umakhala pansi ndi pensulo, kuika kamtanda paliponse pamene giya inakwera ndi kabwalo pamene inatsika. Pang'ono ndi pang'ono mizere iwiri ija imatulukira yokha pa pepala, mizere imene palibe buku la m'kalasi linandionetsapo. Ndikukhulupirira kuti palibe vuto la otomatiki limene lingabisale kwa munthu wochita zimenezi modekha.

Ku galaja kumene ndili pa atachimenti kunabwera pikiapu ya dizilo ya bambo wina wogula mbatatesi, akudandaula zomwezi. Anali atauzidwa kale kwina kuti akonzeke kugula giyabokosi ina. Bwana wa galaja anadontheza ATF pa kansalu koyera, n'kununkhiza. Inali yofiira bwino, yopanda fungo lopserera. Tinaikweza chitunda ine ndili ndi foni yanga, ndipo zinaoneka poyera kuti magiya akulowa mwaukhondo, lock-up ikugwira, koma phazi likupita pansi kwambiri pa chitunda chaching'ono. Bwanawo anangoti, "Aise, tamasula fyuluta ya dizilo tione." Inatuluka yakuda bii, pansi pake pali timadzi ndi matope. Ya mpweya nayo inali fumbi lokhalokha. Injini inali itafooka, ndiye giya 6 imaperewera pamalo pamene kale inkakwanira, giyabokosi n'kumasenza mlandu wa injini. Titasintha mafyuluta awiriwo, pa chitunda chomwecho inagwira giya imodzi mpaka pamwamba.

Apa ndi pamene zimandipweteka ndikaganiza za kusukulu. Otomatiki tinaiphunzira mothamanga ngati mutu wongodutsapo, aphunzitsi akujambula pa bolodi giyabokosi yakalekale ya magiya atatu yoyendera governor ndi vacuum, imene sindinaionepo pa galimoto iliyonse yobwera ku galaja. Mu wekishopu muli giyabokosi ya manual imodzi imene magulu onse amaimasula ndi kuimanga mpaka mabawuti anatha mano. Nditafunsa za kusinthasintha kwa magiyaku yankho linali lakuti musinthe ATF, zikakanika ndi ma solenoid. Palibe anatchulapo za mizere iwiri, chinthu chongofuna choko ndi mphindi zochepa. Sindikuti aphunzitsi athu sadziwa ntchito, ambiri anakulira pa magalimoto a manual ndipo pa amenewo ndi akatswiri enieni. Koma magalimoto olowa m'dziko muno asintha, silabasi yatsalira kumbuyo, ndipo amene akulipira mtengo wake ndi kasitomala wogulitsidwa malita a ATF ndi ma solenoid amene galimoto yake simawafuna. Nthawi nayo sikundikomera. Masana ndili pansi pa galimoto, usiku magetsi akazima foni imakhala yatha moto, mayeso akuyandikira ndipo za pa pepala langa la girafu sizidzabwera pa mayesowo.

Chochita pa chitunda ndikuchidziwa tsopano. Pa Hilux umakankhira ndodo ku S n'kusankha S5 kapena S4, ndiye kuti waiuza giyabokosi kuti isapitirire pamenepo, mzere wokwerera ku 6 wafufutidwa. Pa Ford zokhala ndi Tow/Haul, batani la pokoka kapena ponyamula katundu wolemera, batani limenelo limasunthira mizere yokwerera kumanja kuti giya iliyonse igwire nthawi yaitali. Kuti zimenezi zimateteza ATF ku kutentha komanso makilatchi a mkati ku kutha msanga, pamenepo ndilibe chikaiko.

Pamene ndikadali njakata ndi pa dizilo weniweniyo. Mtima wanga ukuti kutsekera mu 5 pa chitunda chonse kumamwa mochepa kusiyana ndi kuisiya izivina pakati pa 5 ndi 6, chifukwa lock-up imakhala yogwira ndipo phazi limakhazikika. Koma ma rev okwera nawo ali ndi mtengo wake, ndipo pa msewu wa Ntcheu ndi Dedza pali malo ambiri a see pamene 6 ikadapulumutsa mafuta dalaivala akanakumbukira kubwezera ku D. Nambala ya pa dashibodi sindingaidalire pa galimoto yosinthidwa matayala, poti mtunda womwe ikuwerenga ndi wolakwika kale ndi 7 peresenti ija. Pafunika kudzaza thanki mpaka pakamwa, kuyenda ulendo womwewo ndi katundu yemweyo m'njira zonse ziwiri, n'kudzazanso, ndipo sindikuona amene angabwereke wophunzira pikiapu ndi dizilo wake kuti achite zimenezo. Palinso china: makompyuta a magiyabokosi atsopano amatha kuzindikira okha kuti galimoto ili pa chitunda n'kusuntha mizere ija ili mkati moyenda, ndiye timitanda tanga tina timagwera pamalo pamene sindimayembekezera. Kaya ndi chitunda chikusuntha mzere, kaya ndi kutentha kwa ATF, kaya ndi kasikana kanga kakuchedwa kuwerenga, sindinathe kusiyanitsa. Ngati wina mwa inu ali pa galaja yokhala ndi sikana yaikulu yoonetsa giya imene kompyuta yalamula, tandiuzani zimene mukuona pa chitunda chonyengerera.