Makina anga a khofi amawerenga masekondi, osati magalamu

Anzanga okonda khofi, mwezi uno ntchito yonse yagona pa kasikelo. Ndinagula kakang'ono kowerenga mpaka 0.1 galamu, ndipo kandiyankha funso lomwe linkandizunguza mutu kuyambira pomwe makina a espresso (khofi wochepa koma wamphamvu) odzichitira zonse okha analowa m'nyumba muno. Kwa amene simunawaonepo: njere za khofi mumathira m'kabokosi ka pamwamba, madzi m'thanki, n'kudina batani. Kugaya, kutsendera ufa, kudutsitsa madzi otentha ndi kutaya masese, zonsezo zimachitikira m'kati, inu mukungoyembekeza ndi kapu. Chimene chinkandidabwitsa n'chakuti khofi ankasintha mphamvu ngakhale kabatani ka mphamvu, kojambulidwa tinjere kaja, sindinakakhudze.

Yankho lake n'lakuti m'makina anga mulibe sikelo. Kabatani kaja sikadziwa galamu n'chiyani. Chimene kamachita n'kuuza kachigayo ka m'kati kuti kazungulire masekondi angati. Mukakweza mphamvu, kamazungulira nthawi yotalikirapo, basi. Tsono amene munaimapo pamzere ku chigayo cha chimanga mukudziwa kuti sefa ya timabowo ting'onoting'ono imachedwetsa ufa kutuluka. N'chimodzimodzi kuno. Mukakhotetsa chotchera kachigayo kuti khofi agayike wosalala, ufa wogwa pa sekondi umachepa, ndiye pa masekondi omwe aja mumapeza magalamu ochepa. Munthu amasalalitsa ufa pofuna kapu yamphamvu, koma mosadziwa wachepetsanso khofi wolowa. Zinthu ziwirizi, kasalalidwe ndi muyezo, zinamangidwa chingwe chimodzi, ndipo buku la makina anga silinena zimenezi poyera.

Kuyeza kwake kumafuna kuleza mtima chifukwa ufa suoneka, umagwera m'kati mwa brew unit, kachipangizo kotsendera ufa ndi kudutsitsamo madzi, n'kunyowa pomwepo. Njira yomwe ndakhazikikapo ndi iyi: ndimakhuthula kabokosi, kuthiramo njere zoyeza kale, kupanga makapu angapo popanda kusintha chilichonse, kenako n'kuyeza njere zotsala. Zomwe zapita ndimagawa ndi chiwerengero cha makapu. Kapu imodzi yokha imanamiza, poti m'mano a kachigayo ndi m'kanjira kake mumatsalira ufa wa dzulo. Njira inanso ndi ya tizibuma ta masese tomwe makina amataya m'kadilowa ka pansi. Mukakayanika kachibuma mpaka kuuma gwa n'kukayeza, kumbukirani kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a khofiyo linasungunuka n'kupita m'kapu. Kachibuma kouma ka magalamu 8 ndiye kuti poyamba anali pafupifupi magalamu 10. Njirayi ndi yongoyerekeza, komanso amayi a kunyumba sanasangalale kuona masese atandandalikidwa pa zenera, choncho ndimadalira yoyamba ija.

Zomwe ndapeza pa makina anga: pa mphamvu yapakati amagaya pafupifupi magalamu 8, ndipo ndikakweza mpaka kumapeto amafika cha m'ma 11. Nditasalalitsa ufa ndi masitepe awiri, muyezo unatsika ndi pafupifupi galamu yathunthu. Galamu imodzi ikumveka ngati yachabechabe, koma pa 8 ndi gawo lalikulu ndithu, lilime limadziwa.

Manambalawa amamveka bwino mukawaika pambali pa a kumalo ogulitsira khofi. Muyezo wakale wa ku Italy ndi magalamu 7 a khofi kutulutsa mamililita 25, pa masekondi pafupifupi 25, madzi akukankhidwa pa 9 bar (bar ndi muyezo wa mphamvu yokankhira madzi). Ma barista ambiri a masiku ano, akatswiri opanga khofi kumalo amenewa, amathira magalamu 18 n'kutulutsa magalamu 36 m'kapu, kutanthauza kuti chakumwa chimalemera kawiri kuposa ufa. Tsono makina ambiri a kunyumba amabwera atatcheredwa kuti espresso ikhale mamililita 40 kapena kuposa. Magalamu 8 pa mamililita 40, ndiye kasanu! Nanga khofi angalephere bwanji kukhala wamadzimadzi? Ndipo khofi "wamtali" uja, wodzaza kapu ya tiyi, amadutsitsa madzi onsewo pa kachibuma kamodzi komweko. Zokoma zimatuluka koyambirira, zotsatira kumapeto n'zowawa zokhazokha.

Apa ndi pomwe maganizo anga asinthira. Ambiri timalimbana ndi kabatani ka mphamvu, koma kameneka kali ndi polekezera, chifukwa kachipinda ka brew unit n'kakang'ono ndipo simungakakulitse. Magalamu 18 a barista sangalowemo. Chimene chili m'manja mwathu kwathunthu ndi madzi. Ndinaika kasikelo pansi pa kapu, kudina batani osalisiya mpaka kapu itafika magalamu 30, n'kulisiya, ndipo makina anasunga muyezo umenewo. Magalamu 11 kulowa, 30 kutuluka. Sindinafike pa kawiri ka barista, ndipo sindikufuna kufikapo: ufa wa makinawa ndi wokhakhala kuposa wa m'ma café, madzi amadutsa mofulumira, ndiye mukadula kwambiri khofi amatuluka wowawasa chifukwa sanasungunuke mokwanira. Katatu kapena kuchepera pang'ono ndi pomwe pakundikomera. Ndikafuna kapu yaikulu ndimapanga tiwiri tating'ono motsatizana, kalikonse ndi kugaya kwake, n'kuwonjezera madzi otentha a m'ketulo. Njere zimatha msanga, inde, koma khofi wake ndi wina.

Chenjezo pa batani la makapu awiri: makina ena amagaya kawiri, ena amagaya kamodzi n'kungowonjezera madzi. Tcherani khutu, kachigayo kakalira kamodzi mwadziwa.

Za njere nazo zili ndi nkhani yake. Masiku ano ndikumwa Mzuzu Coffee, arabica wolimidwa ndi alimi ang'onoang'ono m'mapiri a kumpoto monga Misuku, Phoka ndi Viphya, wokazinga mwapakatikati. Poyamba munali paketi ina yokazinga kwambiri, njere zakuda bii zonyezimira mafuta. Njere zikapsa kwambiri zimafufuma n'kupepuka, choncho magalamu omwewo amatenga malo ambiri, ndipo tizibuma take tinali tonenepa kuposa ta Mzuzu. Diso likanati khofi wachuluka, sikelo n'kukana. Zimagayikanso mosavuta poti n'zofumbutuka, pomwe zokazinga pang'ono n'zolimba ndipo kachigayo kamalira mosiyana. Mafuta aja amamatanso m'mbali mwa kabokosi, njere n'kumatsika monyinyirika, ndiye kapu ina imalandira zochepa. Mwachidule, paketi yatsopano ndi muyezo watsopano, ngakhale mabatani ali pomwe paja. Za njere zamafuta ine ndasiyana nazo, ndi zothira shuga pokazinga zomwe, zimenezo ndiye zimamata mano a kachigayo.

Si makina onse amene amachita ngati anga. Mlamu wanga wa ku Johannesburg ali ndi a Philips, ndipo a Philips ndi a Saeco amadzikonza okha: amamva kulimba kwa ufa pomwe brew unit ikutsendera, n'kuwonjezera kapena kuchepetsa muyezo wa khofi wogayidwa pa makapu otsatira. N'chifukwa chake mukasintha njere pa makina amenewo, musaweruze kapu yoyamba, apatseni makapu angapo apeze muyezo wawo. A Jura ambiri amalembedwa kuti amatenga magalamu 5 mpaka 16, zomwe n'zochulukirapo, koma brew unit yawo sichotsedwa kuti muitsuke pampopi. A De'Longhi Magnifica ali ndi masitepe 13 a kasalalidwe ka ufa, ndipo malangizo awo ndi oyenera kutsatidwa pa makina alionse: khotetsani pomwe kachigayo kakuzungulira, sitepe imodzi pa nthawi, ndipo kusintha kwake mukumva pakadutsa makapu awiri. Kukhotetsera kosalala kachigayo kali chiimire n'kupanikiza mano ake pa njere zomwe zili pakati.

Ponena za 15 bar yolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pa makatoni, musaiwerengere. Imeneyo ndi mphamvu yomaliza ya pampu, si yomwe khofi amakumana nayo. Ufa ukachepa kapena ukakhakhala, madzi amangodutsa osakumana ndi chowatchinga. Thovu la pamwamba nalo si mboni yodalirika, poti makina ambiri otere ali ndi kavalavu kothandiza kulipanga.

Kachibuma ndiye mboni yabwinoko. Kakatuluka kolimba, kosaphwanyika mukakanyamula, zinthu zili bwino. Kakakhala phalaphala, kawirikawiri ndiye kuti ufa wachepa kapena wakhakhala. Khofi akamangodontha dontho limodzilimodzi, mwasalalitsa mopitirira, bwererani sitepe imodzi.

Ndayesanso kabowo kothirira khofi wogaya kale, kamene anthu ambiri amagwiritsa ntchito pa decaf, khofi wochotsedwa mphamvu yosowetsa tulo ija. Pamenepo mpomwe munthu angadziyezere yekha pa sikelo, koma lamulo lake ndi kasupuni kamodzi kosadzaza mpaka kusefukira, makina ali oyaka. Mukawonjezera, ena amangotaya ufawo wouma m'kadilowa osapanga kanthu. Sindinapindule napo kwenikweni, kupatula madzulo alendo akafuna khofi wosasowetsa tulo.

Pomwe ndaima lero ndi apa: mphamvu ili kumapeto, kasalalidwe ka ufa kali sitepe imodzi kokhakhala kuposa pomwe khofi anayamba kudontha, madzi ndi magalamu 30, ndipo brew unit ndimaitsuka ndi madzi okhaokha mlungu ulionse, chifukwa ufa womatirira pa kasefa kake umasokonezanso kayendedwe ka madzi. M'kabokosi ndimathiramo njere za masiku ochepa okha, zina zimakhala m'paketi yotseka bwino. Kutentha kwa madzi sindinakukhudze, kuli pakati. Paketi ya Mzuzu ikatha ndili ndi ya ku Satemwa, ku Thyolo, ndipo ndiyamba n'kuiyeza mabatani ali pomwe alipa kuti ndione magalamu asuntha bwanji, kenako ndiyese kukweza kutentha. Amene muli ndi makina otere ndi sikelo, tandiuzani akugaya magalamu angati pa mphamvu yomaliza, mutchulenso njere zake.